Wolemba za Anamapopa Adzafunsira Mbeta

Lefina anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu a ku Lisasadzi sankachimvetsa. Lachisanu lililonse, kaya ndi nyengo yothyola fodya kaya yosoka, iye ankasamba m'manja, n'kukakhala kuseri kwa chigafa, n'kuyamba kuyamikira munthu pa foni.

Oyamikiridwawo anali alembi anzake a m'gulu la pa Watsapu lotchedwa Alembi a m'Chigwa. Munali aphunzitsi awiri, wogulitsa mayunitsi mmodzi, ndi anyamata ndi atsikana amene anamaliza Fomu 4 n'kubwerera kumudzi kudzakumananso ndi khasu lomwe analitsanzika. Mwa onsewo panalibe amene anasindikizapo buku, koma aliyense ankalemba ngati mawa amuitana ku wailesi. Lefina ankasankha mmodzi pa sabata n'kumulembera ndemanga, ndipo ndemanga zake sizinkaluma. Cholakwika ankamuuza mwiniwake kumbali. Pagulu ankatchula zokoma zokhazokha, ngakhale zitakhala zochita kukumba ndi chikhadabo. "Mlembi wakumudzi ali nawo kale omuseka okwanira," ankatero, "ine ndiwonjezerenji?"

Lachisanu limeneli linali la Dominic wa ku Wimbe, ndipo tisanamizane, pa Dominic mtsikanayu sankafunika kukumba. Anayamba wakonda zolemba zake, kenaka anakonda mwiniwake, ndipo nkhani inali itafika kale kwa akuluakulu. Ankhoswe a Dominic anali atabwera kamodzi kudzafunsira mbeta. Malume a Lefina, a Goodwin, omwe anali eni mbumba komanso mkulu wa mpingo, anawauza kuti adzabwerenso pakatha masabata atatu kudzamva yankho. Sabata imodzi inali itadutsa, ndipo Lefina ankawerenga masiku otsalawo m'mawa ndi madzulo.

Dominic sankalemba za maluwa ndi mwezi ngati anzake. Ankalemba za anamapopa. Nkhani yake, Kuponi ya Magazi, ankaiponya m'gulumo mutu umodzi pa sabata, ndipo anali atafika mutu wachisanu ndi chitatu. Womaliza unali ukadali m'kope. Lefina anatsegula ndemanga yake ndi mawu a m'nkhanimo:

"Mtembo unalibe bala, unangoyera ngati chinangwa chosenda. Ndinayatsa chingambwe changa n'kuwerama. Pamkono panali kachibowo ka jekeseni. Dzina langa ndine Sajeni Grey. Kuntchito anandichotsa chifukwa sindinkadya nawo, ndipo kuyambira pamenepo pamaliro sindilira, ndimangofunsa mafunso."

M'munsi mwake analemba zake: "Anzanga, ngati simunawerenge Kuponi ya Magazi, siyani kaye zimene mukuchitazo. Sajeni Grey saseka, sapepesa, sapemphera asanadye, koma ndi yekhayo m'chigwa chonse amene akufunsa chifukwa chake amphawi akuuma pamene ena akunenepa. Anamapopa a Dominic sauluka pa lichero. Amavala mataye, amayenda pa galimoto yoyera, ndipo anthu owapopa amawasankha pa mndandanda wa makuponi a feteleza. Mutu wachisanu ndinauwerengera kumunda, mpaka ndinaiwala kuti dzuwa likundiwotcha. Muiwerenge, muitumize kwa anzanu, ndipo mumuuze mlembiyu kuti asasiye."

Ataiponya m'gulumo, mtima sunakhutire. Anaitumizanso ku gulu la achinyamata a kutchalitchi, ndi ku gulu la amene anaphunzira nawo kusekondale. Akanadziwa kumene ndemangayo ikathere, chala chija akanachiluma.

*

Uthenga wa Dominic sunachedwe.

"Lefi, wandipha ndi manyazi. Sapemphera asanadye? Malume ako akaziona zimenezi?"

"Malume anga sawerenga zopeka. Amawerenga Baibulo ndi mitengo ya ku okushoni."

"Ndiye ndapulumuka."

"Sunapulumuke. Mutu womaliza uli kuti? Sajeni afa kapena safa?"

"Funso limenelo limayankhidwa kwa mkazi wa mlembi yekha."

"Wakuba iwe. Ukufuna kundikwatira ndi mutu umodzi?"

"Kwathu kuno sitilowola ndi ng'ombe. Ndiye ndilowola ndi Sajeni."

Lefina anaseka yekha kuseri kwa chigafako mpaka nkhuku zinabalalika. Koma kuseka kunadukira panjira, chifukwa m'gulu muja munali mutalowa uthenga wina, wochokera kwa Alick: "Ndemanga zina n'zachibwenzi. Ife tinabwera kudzaphunzira kulemba, osati kudzaperekeza anthu ku ukwati."

Alick anali mwana wa mlimi wamkulu wa fodya wa mudzi woyandikana nawo, mwini njinga yamoto yofiira, ndipo ankalemba ndakatulo zimene mzere uliwonse unkathera pa "mtima wanga". Miyezi inayi m'mbuyomo Lefina anamulembera ndemanga nayenso. Anakumba mpaka chikhadabo kuthyoka, n'kupeza mzere umodzi wonena za fungo la fodya wouma, ndipo anautamanda moona mtima. Alick anaiwerenga ndemangayo ngati kalata yomufunsira. Anaionetsa anzake onse a pa golosale, ndipo m'mawa mwake anatulukira kwa Lefina kudzamufunsira atadzola mafuta onunkhira. Lefina anamukana mwaulemu. Koma munthu amene wayamikiridwa kamodzi kokha chibadwire samva msanga mawu akuti ayi.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, njinga yofiira ija inamutsekera njira.

"Lefina, ndemanga yanga inali mizere isanu. Ya Dominic mizere khumi ndi inayi."

"Mwachita kuwerenga mizere, a Alick? Bwenzi mutawerenga nkhaniyo."

"Ndaiwerenga yonse, ndipo ndikudabwa. Munthu wamba amadziwa bwanji zonse zija? Timapaipi, mankhwala ogonetsa opopera pawindo, malo obaya. Suja iyeyu ndi amene ankalemba mayina a makuponi kwawo chaka chatha?"

"Komiti inamupempha chifukwa ali ndi dzanja labwino. Zina zonsezo anapeka. Inunso mumalemba, mukudziwa kupeka."

"Ine ndangofunsa," anatero Alick uku akuliza njinga yake. "Kufunsa si mlandu. Sajeni wakoyo amafunsanso."

*

Sabata yomweyo mphekesera inatsika kuchokera kumpoto. Akuti anamapopa alowa m'boma la Kasungu. Panalibe amene anawaona ndi maso ake, aliyense anamva kwa mlamu wa mnzake. Komabe anthu anayamba kugona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu ndi zipika, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankafunsidwa mafunso ndi anthu ogwira zibonga. Mantha akalowa m'mudzi, amene amati n'zabodza ndi amene amayamba kukayikiridwa, choncho anzeru onse anangotseka pakamwa.

Lachitatu m'mawa a Goodwin anamuitanitsa Lefina. Anawapeza pakhonde atavala magalasi awo owerengera, mapepala ali mbwee pamiyendo. Lefina anagwada patali pang'ono. Sanafunike kufunsa amene anawononga petulo kupita pa boma kukasindikiza mitu isanu ndi itatu pamodzi ndi ndemanga yake pamwamba.

"Izi walemba ndiwe?"

"Pepala loyambalo ndine, malume. Enawo ndi a Dominic."

"Muiwerenge, muitumize kwa anzanu." A Goodwin anawerenga pang'onopang'ono ngati akuwerenga chilengezo cha maliro. "Pamene anthu akugona panja ndi ana akhanda, mwana wa mlongo wanga akuitanira malonda a anamapopa."

"Ndi nkhani yopeka, malume. Ndinalemba mphekeserazi zisanafike. Mukaiwerenga bwino muona kuti ikudzudzula anthu odyera amphawi masuku pamutu. Mulibe usatana m'menemo."

"Ndaiwerenga." Anavula magalasi. "Usandiyese chitsiru, Lefina. Ndaiwerenga mpaka ndinapsereza madzi a tiyi. Mnyamatayu amatha kulemba, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Kaya anamapopa aliko kaya kulibe, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkamwini amadzamanga nyumba kwa mkazi. Dominic akadzamanga pano, anthu akadzabwera ndi moto sadzasankha denga. Zigafa zinayi izi zadzaza fodya wa mbumba yonse. Iwe ukuganiza kuti ndidzawaimitsa ndi ndemanga?"

Lefina akanakonda malume ake akanakhala munthu wosamva zinthu, chifukwa wotero savuta kutsutsana naye.

"Uchite izi," anapitiriza a Goodwin. "Ulembe pafoni pomwepo, m'magulu onse amene unatumiza, kuti unalakwitsa, nkhaniyi ndi yoipa ndipo iwe sukugwirizana nayo. Ukatero ndiona mmene ndingalankhulire ndi ankhoswe aja Loweruka la sabata yamawa. Ukakana, adzabwerera mmene adzabwereremo, manja ali m'thumba."

"Malume, ndakhala ndikuyamikira ndakatulo zoti ngakhale mbuzi singadye pepala lake, ndipo palibe anandiletsa. Lero ndayamikira chinthu chabwino chenicheni, ndiye ndikanene kuti n'choipa?"

"Ukuyankha ine?"

"Ndikupepesa poyankha. Koma sindifufuta, ndipo sindinama. Ndikamutaya ine, anthu adzati ngakhale chibwenzi chake chamuthawa, ndiye kuti n'zoona."

Mawondo ake ankawawa pa simenti, koma khosi linali gwa. A Goodwin anapinda mapepala aja n'kuwaika m'Baibulo.

"Nkhutukumve ngati mayi ako ali mtsikana. Pita."

*

Loweruka Lefina ndi Dominic anakumana pa boma, m'katiyirumu ka kuseri kwa msika. Dominic anafika mochedwa atavala chipewa chimene Lefina anali asanachionepo. Atachivula, pachipumi panali pulasitala.

"Ichi n'chiyani, Domi?"

"Mwala. Sunali wanga, unkapita pawindo la amayi. Ine ndinangopezeka pakati."

Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anathira shuga mu tiyi n'kumangotakasa.

"Ndemanga yako inayenda, Lefi. Kwathu inafika nkhani yeniyeniyo isanafike. Wina anawerengera anthu pa chigayo. Atafika poti amasankha anthu pa mndandanda wa makuponi, mayi wina anakumbukira kuti dzina lake ndinalemba ndine, ndiponso kuti chaka chino wakhala akumva chizungulire. Pofika madzulo, theka la mudzi linali ndi chizungulire."

Lefina ankafuna kumukweza mnyamatayu, ndipo anamukwezadi, mpaka pamalo poti aliyense wogenda ankamuona bwinobwino. Anagwira dzanja lake patebulo, osasamala mayi wogulitsa tiyi amene ankawayang'ana ndi diso la m'mbali.

"Pa bala ili ndikupepesa ndi mtima wanga wonse. Ndine ndinatumiza. Koma pa zimene ndinalembazo sindipepesa. Nkhani ija ndi yabwino, Domi. Ukaisiya panopa ndiye kuti wavomera mlandu."

"Amayi akugona kwa achemwali awo ku Lukwa. Nyumba yawo yomwe anamanga ndi fodya wa zaka zisanu, akuopa kulowamo."

"Zitha zimenezi. Fodya akangoyamba kulowa ku okushoni, anthu adzaiwala anamapopa n'kuyamba kutukwana mitengo. Tipirire masabata ochepa."

"Ukulankhula ngati Sajeni Grey," anatero Dominic motsitsa mawu. "Koma Sajeni alibe amayi."

Mawu amenewo anamulasa Lefina.

"Malume ako akuti bwanji?" anafunsa Dominic.

"Akuti ndilembe kuti nkhani yako ndi yoipa. Ndakana."

"Wakana?" Anagwira kumutu, n'kugunda pabala paja, n'kutsinzina. "Lefi, ndiye Loweruka likudzali malume anga a Benjamin akamva chiyani? Ine ndakhala ndikudikira tsiku limeneli ngati mvula yoyamba."

"Inenso. Koma sindikugula ukwati ndi bodza. Malume akakana Loweruka lino, adzavomera lina. Sangandisunge mpaka imvi. Iwe ungondilonjeza chinthu chimodzi, kuti umaliza nkhani ija."

Dominic anayang'ana tiyi wake amene anali atazizira kale.

"Ndiona chochita."

Munthu akakonda amamva zimene khutu lake likufuna. Lefina anamva lonjezo, ndipo anakwera kabaza wobwerera kwawo mtima uli m'malo.

*

Masiku otsatirawo Dominic anayamba kuyankha mwachidule. "Ndili bwino." "Netiweki ikuvuta." Lachitatu sanayankhe n'komwe. Alick yekha ndiye sankasowa. Tsiku lina anabweretsera a Goodwin mpando wapulasitiki watsopano, tsiku lina anawatenga pa njinga kupita nawo ku msonkhano wa akulu a mpingo. Kwa Lefina anatumiza ndakatulo ya mizere makumi awiri, ndipo pansi pake analemba kuti, "Ine ndimalemba zoyera."

Lefina anamuyankha kuti, "Mzere wachitatu ndi wabwino. Enawo muwagwirenso. Ndipo mapepala munasindikiza aja, zikomo, malume anga asanduka owerenga."

Lachinayi ankasoka fodya ndi amayi ake, a Fainala, awiriwiri m'chigafa. A Fainala sanali munthu wolankhula nkhani molunjika, ankayamba aizungulira kaye ngati akuyang'ana poolokera.

"Bambo ako ankaimba banjo," anatero mwadzidzidzi.

Lefina anaimitsa singano. Bambo ake anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo chimene ankakumbukira ndi munthu wofatsa wokhala pachitsa, wosuta fodya wake mwakachetechete.

"Banjo? Ababa?"

"Ankaimba m'maukwati kuyambira kuno mpaka ku Santhe. Ndinawakondera zomwezo. Koma abale anati woimba banjo ndi chidakwa cha mawa, ndiye malume akowa anawauza kuti asankhe, banjo kapena ine. Anasankha ine. Banjo ija anapatsa msuweni wawo." A Fainala anamanga mfundo n'kudula chingwe ndi mano. "Ndikukuuza kuti udziwe kuti mwamuna akakufuna amasiya zinthu. Si zachilendo. Tinakhala bwinobwino zaka makumi awiri, osamenyana, osagona ndi njala."

"Koma ine sindinawamvepo akuimba, amayi. Ngakhale kutchalitchi ankangoyendetsa milomo."

"Eya. Sanaimbenso."

"Inuyo simunaisowe nyimboyo?"

A Fainala anatenga masamba ena n'kuyamba kuwalinganiza mosamala kwambiri, ngati kuti ntchitoyo ndi yachilendo kwa iwo.

"Soka fodya, Lefina. Dzuwa likupita."

M'mawa mwake linali Lachisanu. Lefina anasamba m'manja, anakakhala kuseri kwa chigafa, ndipo kwa nthawi yoyamba anaphwanya lamulo lake lomwe losankha mlembi wina sabata iliyonse. Analemba kuti: "Anzanga, sabata ino ndikuyamikiranso Kuponi ya Magazi. Mlembi wake wagendedwa chifukwa cholemba bwino, ndipo ife tonse m'gulu muno tangoti zii ngati sitinkaombera m'manja dzana. Amene anaikonda anene. Mawa adzagenda wolemba za mfiti, mkuja wolemba za mbava, ndipo tidzatsala ndi ndakatulo za mtima wanga zokhazokha. Ine dzina langa ndi Lefina wa ku Lisasadzi, ndipo nkhaniyi ndikuitamanda masana dzuwa likuswa mtengo."

Aphunzitsi awiri aja anaika tizithunzi ta chala chachikulu. Wogulitsa mayunitsi analemba kuti, "Tili nawe mlongo," kenaka patapita mphindi zisanu anafufuta. Dominic anawerenga, timizere ta pa uthengawo tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe kanthu.

*

Loweruka alendo anafika dzuwa lisanatenthe. A Benjamin, malume a Dominic amenenso anali ankhoswe ake, anabwera atavala jekete ngakhale kunali kotentha, ndipo ulendo uno anabwera naye mwiniwake kuti amuonetse. Mikeka inayalidwa pansi pa mtengo wa mango. A Goodwin anakhala pampando wapulasitiki watsopano uja, a Fainala ndi amayi ena awiri a pabanja anakhala chapambali. Lefina anatsala m'nyumba monga mwa mwambo, koma khutu linali pawindo. Anali atakonzeka kumva malume ake akukana, ndipo anali atakonza kale mawu oti akamulimbitse nawo Dominic pambuyo pake.

Atatha malonje, a Benjamin anatsokomola.

"Tisanamve yankho lanu, a Goodwin, tabwera ndi kanthu. Tinamva kuti pali chimene chikukudetsani nkhawa, ndipo nafenso chatisowetsa tulo."

Anatulutsa kajumbo kakuda m'thumba la jekete n'kukamasula pamkeka. Munali phulusa, ndi tizidutswa ta zikuto za makope topserera m'mbali.

"Makope anayi. Mwana wathuyu wawotcha yekha Lachitatu, pabwalo la tchalitchi kwathu, anthu onse akuona. Za m'foni wafufuta pamaso pa akulu a mpingo, ndipo walumbira kuti sadzalembanso nkhani, kaya ya anamapopa kaya ya chiyani. Anthu akhutira. Tsopano ndi mlimi basi, ngati ife tonse."

Lefina anagwira chitsulo cha pawindo. Lachitatu. Ndiye kuti dzulo, pamene iye ankadzitchula dzina ndi mudzi pamaso pa gulu lonse, ankatetezera phulusa.

Kunja a Goodwin anawerama, anagwira phulusalo ndi zala ziwiri, n'kupukuta pa thalauza. Nkhope yawo inamasuka, ngakhale kuti sanaoneke okondwa mmene munthu wopambana amakondwera.

"Mnyamata uyu ali ndi nzeru kuposa msinkhu wake. Ngati zili chonchi, ine ndilibe mawu. Muitaneni Lefina."

Lefina anatuluka atamanga chitenje chatsopano. Anagwada kumapeto kwa mkeka. Dominic anali ataonda m'sabata imodzi yokha, pulasitala atachotsa, chipsera chili poyera. Anamuyang'ana Lefina ndi maso a munthu amene wasenza katundu wolemera kuchokera kutali ndipo akudikira kuti amulandire.

"Lefina," anatero a Goodwin, "pamwambo wathu sitimanga kanthu mwiniwake asanalankhule. Alendowa abwera ndi mnyamata uyu. Kodi ukumudziwa, ndipo ukumufuna?"

Funso limeneli mtsikana amayankha ndi mawu amodzi, maso ali pansi, amayi n'kululutira. A Fainala anali atakweza kale dzanja kufupi ndi pakamwa.

"Malume, ndiloleni ndifunse kaye funso limodzi."

"Pano safunsa mafunso ana."

"Limodzi lokha." Sanadikire chilolezo. Anatembenukira kwa Dominic. "A Dominic, ndi mutu womaliza womwe?"

"Onse, Lefi." Mawu ake anali osasa. "Ndachitira iwe. Ndachitira ife."

"Munandifunsa?"



Lefina anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo zonse zinali zoona. Anamumvera chisoni mnyamatayu mpaka m'mafupa, poganiza mmene anaimira yekha pabwalo lija akuyatsa machesi, anthu amene anamugenda akuonerera. Ndipo anapsa mtima kuposa mmene anapserapo chibadwire, chifukwa onse pamkekapo, ndi Dominic yemwe, ankayembekeza kuti iye alandire phulusalo ngati mphatso n'kuthokoza.

Anadzuka osapempha. Amayi ena aja anayang'anana. Analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi kope lake la ndakatulo. Ataima pamaso pa onse anang'amba masamba olembedwa, limodzilimodzi, n'kuwapinda m'chitenje. Kenaka anagwadanso n'kuika kopelo pamkeka, pafupi ndi kajumbo kaja.

"Kumudziwa ndikumudziwa, malume. Kumufuna ndikumufuna kuposa dzulo. Koma lero sindivomera."

"Lefina," ananong'ona a Fainala.

"Amayi, ndikhululukireni. Sindingathe kudzuka m'mawa uliwonse pafupi ndi munthu amene anadzitseka pakamwa chifukwa cha ine. Adzandiyang'ana tsiku lina n'kukumbukira mtengo wanga." Anatembenukira kwa Dominic, ndipo mawu ake anafewa. "A Dominic, m'kope ili mwatsala masamba makumi atatu. Nkhani ija ili m'mutu mwanu, moto sunafikemo. Musaiponye pagulu ngati mukuopa, mulembere ine ndekha. Mukalidzaza, a Benjamin adzabwerenso, ndipo ndidzayankha asanamalize kufunsa."

A Goodwin anadzuka pang'onopang'ono, mpando uja n'kugwa chagada kumbuyo kwawo.

"Chabwino. Poti mwana wafuna kuweruza yekha, nanenso ndinene zanga pamaso pa mboni. Mnyamata iwe, walumbira pabwalo la tchalitchi. Ukangotola kope limenelo, ine unkhoswe ndautula, ndipo phazi lako lisadzapondenso pamudzi pano. Ukalisiya, wamva wekha kuti mkaziyu sakuvomera. Ine ndatha."

Dominic anayang'ana a Goodwin, anayang'ana phulusa, kenaka anayang'ana Lefina. Dzanja lake lamanja, lomwe lija la zilembo zokongola, linachoka pabondo n'kuyamba kutambasuka.

A Benjamin analigwira pamkono.

"Mphwanga," anatero motsitsa, koma aliyense anamva, "amayi ako abwerera m'nyumba mwawo dzulo lomweli."

Dzanja lija linaima m'malere, kope lili pansi pake. Lefina akanatha kulikankhira kopelo pafupi, kapena kulichotsa kuti amupeputse. Misozi inkatsika mpaka pachibwano, koma manja ake anawasunga pamiyendo, ndipo anadikira.